Umo Nthomba Inathera pa Dziko Lapansi

Pa 8 May 1980 nthumwi za maiko zinasonkhana mu mzinda wa Geneva, ku Switzerland, ndi kulengeza kuti nthenda ya nthomba yatha pa dziko lonse. Kufikira lero lino, mwa nthenda zonse zogwira anthu, nthomba yokha ndiyo inazulidwa ndi mizu yomwe. Ana a m'sukulu saidziwanso. Ena amaiyesa katsabola, ena amangomva dzina lace kwa agogo ao amene akali ndi cipsera ca katemera pa mkono. Koma mbiri yace iyenera kusungidwa, pakuti muli funso lokhudza mudzi uli wonse. Katemera wa nthomba anapezeka m'caka ca 1796, koma nthendayo inapitirirabe kupha anthu zaka zinanso 180. Cinasoweka nciani zaka zonsezo, ndipo cinapezeka nciani pa zaka khumi zotsiriza?

Makhalidwe a Nthendayi

Nthomba inali kudza ndi kacirombo kosaoneka ndi maso, kamene kanali kucoka kwa wodwala kulowa mwa mnzace ndi mpweya wa m'kamwa, makamaka pokhala moyandikana m'nyumba imodzi. Nthawi zina kanali kuyenda m'zobvala ndi m'zofunda. Munthu atatenga kaciromboko anali kukhala masiku ngati 12 ali bwino, akulima ndi kuyenda maulendo monga mwa masiku onse. Pamenepo thupi linali kutentha, mutu ndi msana kuwawa kolimba. Patapita masiku awiri kapena atatu zironda zinali kubuka m'kamwa, ndi nsungu kumaso, m'mikono, kufikira m'zikhato ndi kumapazi. Nsunguzo zinali kusanduka matuza a mafinya, matuzawo nauma kukhala nkhanambo, zimene zinali kuyoyoka patapita masabata atatu kapena anai. Mwa anthu 10 odwala nthomba yaikulu, atatu anali kufa. Otsala anali kukhala ndi zipsera kumaso moyo wao wonse, ndipo ena anali kucita khungu. Mankhwala ociritsa panalibe.

Nthendayi inali yakale ndithu. Mtembo wa Ramses V, mfumu ya Egypt imene inafa zaka zoposa 3,000 zapitazo, uli ndi zipsera zonga za nthomba. M'caka ca 1520 nthomba inafika ku Mexico pamodzi ndi anthu a ku Spain, nipulula eni dziko amene sanaionepo ndi kale lonse. M'caka ca 1713 ngalawa inaitula ku Cape Town, ndipo pfuko la Akhoikhoi silinadzukenso monga linaliri kale. Akatswiri amawerenga kuti kuyambira m'caka ca 1900 kufikira kutha kwace nthomba inapha anthu ngati mamiliyoni 300.

Komabe mdani ameneyu anali ndi pofooka pace. Sanali kubisala m'nyama, m'madzi kapena mu udzudzu monga zicitira nthenda zina; nyumba yace inali thupi la munthu lokha. Kawirikawiri wodwala sanali kupatsira anzace nsungu zisanabuke, ndipo zikabuka, ngakhale mwana anali kuzizindikira. Wocira sanali kudwalanso. Motero nthomba inali ngati unyolo: kuti ikhale ndi moyo inayenera kupeza munthu watsopano masabata awiri kapena atatu ali onse. Anthu odziwa pamene pali unyolowo anali ndi mphamvu yakuudula.

Nzeru za Makolo

Kalekale, katemera asanadziwike, anthu a ku Africa, India ndi China anali atazindikira kuti wocira nthomba sadwalanso. M'midzi yambiri ya mu Africa wodwala anali kumangiridwa msasa kunja kwa mudzi, ndipo womsamala anali munthu wa zipsera, amene anaidwala kale. Kunalinso mwambo wina wofuna kulimba mtima: anali kutenga mafinya pang'ono pa thuza la wodwala ndi kuwapaka pa mphini ya munthu wosadwala, kuti adwale nthomba yopepuka ndi kuchinjirizidwa moyo wace wonse.

Nzeru imeneyi inaoloka nyanja m'mutu mwa kapolo. M'caka ca 1706 Cotton Mather, mbusa wa mu mzinda wa Boston ku America, anapatsidwa kapolo wocokera ku Africa, nampatsa dzina lakuti Onesimus. Kapoloyo anaonetsa mbuye wace cipsera ca pa mkono, namfotokozera umo anthu a kwao anali kutemerana nthomba. Pamene mliri unagwa mu Boston m'caka ca 1721, Mather anadandaulira madotolo kuti ayese njirayo, koma mmodzi yekha, Zabdiel Boylston, ndiye anabvomera. Anthu a mu mzindamo anakwiya kotero kuti wina anaponya bomba m'nyumba ya mbusayo, ngakhale silinaphulike. Mliri utatha anawerenga. Mwa anthu pafupifupi 6,000 amene anagwidwa nthomba anafa 844, ndiko kuti mmodzi mwa asanu ndi awiri. Koma mwa anthu oposa 240 otemeredwa ndi Boylston anafa 6 okha.

Njirayi inali ndi ngozi yace, popeza wotemeredwa anali kudwala nthomba yeniyeni, ndipo anali kukhoza kupatsira ena. David Livingstone, polemba za maulendo ace a kum'mwera kwa Africa m'caka ca 1857, anasimba za mudzi wina umene unatenga mafinya kwa munthu wodwala koopsa, ndipo pafupifupi mudzi wonsewo unatha. Kunafunika njira yochinjiriza munthu popanda kufesa nthenda.

Katemera wa Jenner ndi Malire Ace

Ku England alimi anali kunena kuti akazi okama ng'ombe sagwidwa nthomba, cifukwa amatenga kanthenda kakang'ono ka matuza kocokera ku mawere a ng'ombe. Edward Jenner, dotolo wa kumudzi wa ku Berkeley, sananyoze mau a alimiwo. Pa 14 May 1796 anatenga madzi a thuza la pa dzanja la mkazi wokama ng'ombe, Sarah Nelmes, natemera nao mnyamata wa zaka 8, James Phipps. Patapita masabata angapo anamtemera nthomba yeniyeni, ndipo mnyamatayo sanadwale. Umu ndimo katemera anayambira.

Maiko olemera anaithetsadi nthomba pang'ono ndi pang'ono, koma m'maiko otentha zinthu sizinatero. Katemera wamadzi anali kufa ndi dzuwa m'masiku owerengeka, kotero kuti wotemera akafika wapansi ku mudzi wakutali, nthawi zambiri anali kutemera anthu madzi acabe. Bvuto lalikulu koposa linali lakuti mbiri ya mliri inali kufika ku boma mocedwa. Anthu anali kubisa odwala ao poopa kuti adzatengedwa kunka kutali ndi abale. Eni mudzi anali kuopa mlandu. Ndipo mthenga akanyamuka, maliro anali atacitika kale, obwera kudzalira atabalalika ndi nthenda ku midzi yao. M'caka ca 1967 maiko onse pamodzi analemba odwala nthomba ngati 131,000. Koma pofufuza pambuyo pace kunapezeka kuti odwala enieni a caka cimeneco anali pakati pa mamiliyoni 10 ndi 15. Madotolo anali kumenyana ndi mdani amene sanali kumuona.

Bvuto la dzuwa linathetsedwa ndi anthu a sayansi. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1950 Leslie Collier, wa ku Lister Institute ku England, anapeza njira youmitsa katemera kukhala ngati ufa, wokhoza kukhala mwezi wathunthu m'dziko lotentha osaonongeka. M'caka ca 1965 Benjamin Rubin anapanga singano ya mphanda: kadontho ka katemera kanali kukhala pakati pa nsonga zace ziwiri, ndipo wotemera anali kubaya mkono kasanu katatu mofulumira. Munthu ali yense anali kukhoza kuphunzira nchitoyi m'kanthawi kocepa, ndipo botolo limodzi linali kukwanira anthu oculuka kanai kuposa kale.

M'caka ca 1958 Viktor Zhdanov wa ku Soviet Union anapempha bungwe la World Health Organization, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, kuti maiko agwirizane kuthetsa nthomba. Pempholo linabvomerezedwa m'caka ca 1959, koma ndalama ndi anchito zinali zocepa, ndipo nchito inayenda mwaulesi. Inayambanso ndi mphamvu m'caka ca 1967, motsogozedwa ndi dotolo D. A. Henderson, nthomba iri yokhazikika m'maiko 31. Lamulo linali lakuti m'dziko liri lonse atemere anthu 80 mwa 100 ali onse. Koma m'maiko a anthu oculuka, otsalawo pamodzi ndi makanda obadwa caka ndi caka anali okwanira kusunga unyolo wa nthenda.

Mithenga ya ku Ogoja

Cimene cinatembenuza nkhondoyi cinacitika ku mishoni za kumudzi. Kum'mawa kwa Nigeria, m'dera la Ogoja, kunali dotolo wa mishoni ya Lutheran, William Foege wa ku America, amene anapemphedwa kuthandiza pa nchito ya nthomba. Pa 4 December 1966 mmishoni wina anatumiza mau pa wailesi kuti m'mudzi wina wakutali mwabuka nthenda yonga nthomba. Foege ndi anzace anapitako, napeza kuti ndi nthombadi. Lamulo linati atemere anthu onse a m'deralo. Koma katemera amene anali naye anali wocepa, ndipo woculuka anali asanafike.

Madzulo anakhala pansi ndi mapu, nadzifunsa kumene kacirombo kangalowere kucokera pamenepo. Amishoni a m'deralo anali ndi cizolowezi ca kulankhulana pa wailesi madzulo ali onse, pofuna kudziwa ngati wina wa iwo wadwala kapena wagwa m'bvuto. Foege analowa pa wailesiyo, nagawira mishoni iri yonse cigawo cace, napempha kuti atume amithenga ku mudzi uli wonse kukafunsa ngati muli nthomba. Usiku wotsatira mayankho anabwera. Dziko lalikulu linazondedwa tsiku limodzi, ndi miyendo ya anthu odziwa njira zace ndi cinenero cace.

Atadziwa midzi imene munali nthenda, anatemera anthu a m'midzi imeneyo poyamba. Katemera wa nthomba anali ndi ubwino uwu, kuti ngakhale munthu atatenga kale kacirombo, akatemeredwa masiku atatu kapena anai asanathe anali kupulumuka, kapena kudwala pang'ono cabe. Katemera wotsala anapita naye kumene eni mudzi ananena kuti anthu ao amakonda kupita: ku misika kumene amagulitsa malonda, ndi ku midzi ya abale ao. M'malo ena mwa amenewo nthomba inabukadi, koma inapeza anthu atachinjirizidwa kale, ndipo inazima m'masabata owerengeka.

Foege ali mnyamata anagwirapo nchito yozima moto wa m'nkhalango kwao, ndipo anadziwa cimene mlimi ali yense adziwa: kuti moto wolusa sauthira madzi m'thengo monse, koma amalambula udzu mouzungulira kuti usowe cakudya. Njira imeneyi, yofufuza odwala ndi kuwazinga ndi anthu otemeredwa, inayesedwa m'dera lonse la kum'mawa kwa Nigeria. Mwa anthu mamiliyoni 12 a kumeneko anatemeredwa ngati 750,000 okha, ndipo nthomba inaleka kufalikira. Pofika m'caka ca 1970 maiko 20 a kumadzulo ndi pakati pa Africa anali atamasuka.

Mfundo yoyenera kuisunga pa nkhaniyi ndi yakuti wailesi ya amishoni sinakonzedwere nthomba. Inalipo kale, ora lolankhulana linali lodziwika, amithenga analipo, ndipo midzi inali kuwakhulupirira. Tsiku la mliri silinali tsiku lopanga ubwenzi kapena lofunsa njira. Zonsezo zinali zitakonzeka nthenda isanafike, ndipo ndico cifukwa cace katemera wocepa anagwira nchito ya katemera woculuka.

Ana a Sukulu a ku India

Ambiri anakayika ngati njira ya ku Nigeria ingathandize m'dziko la anthu othithikana monga India, kumene anthu zikwi ndi zikwi amayenda pa sitima tsiku liri lonse. Dzikolo linali litatemera anthu mamiliyoni ambiri, koma nthomba inalipobe. M'caka ca 1973 boma linayamba kufufuza: sabata imodzi pa mwezi anchito a zaumoyo oposa 100,000 anali kusiya nchito zina ndi kulowa mudzi uli wonse, ndipo pambuyo pace nyumba iri yonse. Kufufuza koyamba kunadzidzimutsa akulu a boma. M'cigawo ca Uttar Pradesh, kumene malipoti anali kunena za odwala mazana ocepa pa sabata, ofufuza anapeza odwala pafupifupi 6,000. M'caka ca 1974 India inalemba odwala 188,000. Anthu ena anayesa kuti nchito yalephera, pamene zoona zace zinali zakuti tsopano mdani anayamba kuoneka.

Cida cacikulu ca wofufuza cinali kakhadi kokhala ndi cithunzi ca mwana wodwala nthomba. Anali kukaonetsa m'misika, m'malo omwera tiyi, ndipo makamaka m'sukulu. Ofufuza anazindikira msanga kuti ana a sukulu amadziwa za m'nyumba zonse za mudzi, ndipo amanena zimene akulu amabisa. Sukulu imodzi inali kusonkhanitsa ana a midzi yambiri, kotero kuti poima m'kalasi kanthawi kocepa ndi cithunzi m'manja, wofufuza anali kumva mbiri ya dera limene akadaliyenda masiku ambiri.

Wodwala akapezeka, sanali kucotsedwanso pakati pa abale ace. Anali kukhala m'nyumba mwace, ndipo pakhomo anali kuikapo alonda a m'mudzi momwemo, usana ndi usiku, kuti wodwala asaturuke ndiponso mlendo asalowe wosatemeredwa. Banja linali kupatsidwa cakudya kuti lisacoke kukafuna. Maina a anthu onse a nyumba zoyandikana anali kulembedwa, ndi kutemeredwa mmodzi mmodzi. Boma linalonjezanso mphotho ya ndalama kwa munthu woyamba kuulula wodwala, ndipo wanchito wa zaumoyo wolandira mbiriyo analinso kupatsidwa yace. Motero cimene kale cinali kudzetsa mlandu cinayamba kudzetsa ulemu. Mphekesera iri yonse inali kulembedwa m'buku ndi kufufuzidwa, ngakhale zambiri zinapezeka kuti ndi katsabola kapena cikuku. Wodwala wotsiriza wa ku India anapezeka mu May 1975.

Dziko Limene Linaiwala

Pa zaka zomwezo ku Europe kunacitika cinthu coonetsa mbali ina ya phunziroli. Dziko la Yugoslavia linali ndi zipatala zabwino ndi madotolo ambiri, ndipo linali lisanaone nthomba ciyambire 1930. Mu February 1972 munthu wina wa ku Kosovo anabwera ku ulendo wa cipembedzo atadzera ku Iraq, nadwala pang'ono cabe, osadziwa kuti watenga nthomba. Mmodzi wa amene anaitenga pambuyo pace anali mphunzitsi. Iye anatumizidwa kucokera ku cipatala cina kunka ku cinzace kufikira mu mzinda wa Belgrade, madotolo akuyesa kuti thupi lace ladana ndi mankhwala a penisilini. Anafa pa 10 March nthenda yace isanadziwike, atapatsira anthu 38, ena a iwo anamwino ndi odwala anzace.

Coonadi citadziwika, boma linatseka misewu ndi midzi, linabindikiritsa anthu zikwi zambiri, ndi kutemera anthu mamiliyoni 18 m'masabata owerengeka. Anadwala anthu 175, nafa 35. Cimene mwana wa sukulu wa ku India anali kucizindikira pa cithunzi, madotolo ophunzira anacilephera pa munthu wamoyo, cifukwa zaka 40 za mtendere zinawaiwalitsa nkhope ya mdani.

Odwala Otsiriza

M'maiko a kuno nchito yotemera inayenda m'midzi ndi m'sukulu pa zaka zomwezo. Nthomba inaleka kufalikira m'Zambia m'caka ca 1968, ndi m'Malawi m'caka ca 1971. Potsiriza inatsala m'maiko owerengeka a ku Asia ndi a kumpoto cakum'mawa kwa Africa.

Munthu wotsiriza kugwidwa ndi nthomba yaikulu m'mudzi anali kamtsikana kakang'ono, Rahima Banu, ka pa cisumbu ca Bhola ku Bangladesh, mu October 1975. Amene anaulula za kudwala kwace anali mtsikana wa zaka 8, dzina lace Bilkisunnessa, ndipo analandira mphotho yace. Alonda anaikidwa pakhomo, anthu onse ozungulira anatemeredwa, ndipo Rahima anacira.

Nthomba yaing'ono, imene sinali kupha ambiri, inatsalabe ku Ethiopia ndi Somalia pakati pa abusa a ziweto oyendayenda. Mu October 1977 Ali Maow Maalin, mnyamata wa zaka 23 wophika pa cipatala ca mu mzinda wa Merca ku Somalia, anakwera galimoto kanthawi kocepa kulozera njira woyendetsa amene ananyamula ana awiri odwala nthomba. Iye anali wosatemeredwa, pakuti anali kuopa kubayidwa. Atadwala anayesedwa wa malungo. Nsungu zitabuka pa 26 October anayesedwa wa katsabola. Ndipo mwini wace, ngakhale anazindikira, anakhala cete poopa msasa wa odwala. Namwino wina ndiye anakanena. Pomwepo anthu onse amene anakomana naye anafunidwa, cipatala cinatsekedwa, ndipo anthu oposa 50,000 anatemeredwa m'masabata awiri. Palibe mmodzi anadwala. Ali anacira, ndipo pambuyo pace anadzipereka ku nchito yotemera ana poliyo, akusimbira makolo za mantha ace akale, kufikira imfa yace m'caka ca 2013.

M'caka ca 1978 kacirombo kosungidwa m'nyumba yofufuzira nthenda ku Birmingham, ku England, kanapha mai mmodzi wogwira nchito pamenepo, koma sikanafalikire m'dziko. Maiko anadikira zaka ziwiri cicokere kudwala kwa Ali, akufufuza mphekesera iri yonse, ndipo pa 9 December 1979 akatswiri anasaina kalata yocitira umboni kuti nthomba yatha. Nchito yonse ya zaka zimenezi inadya ndalama ngati madola mamiliyoni 300, zimene ziri zocepa poziyerekeza ndi miyoyo yopulumuka caka ndi caka.

Cimene Mbiriyi Isiyira Sukulu ya Kumudzi

Yankho la funso loyamba lija laoneka tsopano. Katemera analipo zaka 180, koma cinasoweka ndico mau ofulumira ocokera ku mudzi. Pamene mau amenewa anapezeka, nthenda ya zaka zikwi zitatu inatha m'zaka khumi. Oyamba kuona mliri nthawi zonse anali anthu wamba: mmishoni wa kuthengo, mthenga wapansi, mwana wa m'kalasi, namwino wosaopa kunena.

Nthenda zina sizifanana ndi nthomba m'zonse. Kolera imayenda m'madzi, ndipo cikuku cimathamanga koposa. Koma lamulo la kuona msanga ndi kunena msanga likhudza zonse. Mliri wa kolera umene unayamba mu Lusaka mu October 2023 unafika m'zigawo zonse khumi za Zambia, nupha anthu oposa 700, ambiri a iwo asanafike ku cipatala. Bwalo la masewera la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo sukulu, zimene zinayenera kutsegulidwa pa 8 January 2024, zinakhala zotseka kufikira pa 12 February. Kolera ikhoza kupha munthu tsiku limodzi pomtaitsa madzi a m'thupi. Koma madzi owiritsa okwana lita imodzi, osakaniza ndi timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere, akhoza kumsunga wamoyo pa ulendo wa ku cipatala. Nzeru yotere ithandiza pokhapo ngati yaphunzitsidwa mliri usanagwe.

Mphunzitsi wa kumudzi ali ndi zida zimene ofufuza a ku India anali kuzifunafuna. Ali ndi kaundula, amene amamuuza m'mawa uli wonse ana amene sanabwere. Ndipo ana asanu a mudzi umodzi akajomba sabata imodzi ndi nthenda yofanana, kaundulayo walankhula cipatala cisanamve kanthu. Ali ndi ana odziwa za m'makomo monse. Ali ndi ulemu pamaso pa mfumu ndi akulu a mpingo, ndipo akhoza kucotsa manyazi pa banja limene laulula wodwala wace. Cotsala ndico kukonza zinthu nyengo iri yabwino: kuti ana adziwe zizindikiro za nthenda zoopsa za m'dera lao, kuti aphunzitsi, mfumu ndi anchito a cipatala capafupi adziwane ndi kupangana za amene adzatumiza mau, kwa yani, ndiponso njira imene adzadzera mitsinje ikadzaza, kuti citsime ca sukulu cikhale cosamalika ndi zimbudzi zikhale zokwanira, ndi kuti mphekesera ya nthenda isanyozedwe, ngakhale zisanu ndi zinai mwa khumi zidzapezeka zacabe.

Akulu anati, cakudza siciimba ng'oma. Nthomba sinaimbe ng'oma pofika ku Cape Town, ku Ogoja kapena ku Belgrade. Kusiyana kwa malo amenewa kunali kwakuti ena inawapeza ali maso, ena ali m'tulo. Ana amene ali m'kalasi lero sadzaona nthomba, koma adzaona miliri ina, ndipo umo adzaikomanira udzatsamira pa zimene sukulu yao inawaphunzitsa pa masiku a mtendere.